Mlatho wa Sitandade 4

Pansi pa sutikesi yanga pali diresi la chitenje chobiriwira limene sindidzalivalanso. Silinang'ambike kwambiri, telala angathe kulikonza, koma aliyense wa ku Area 47 amene angandione nditalivala adzakumbukira tsiku limene ndinalivala komaliza. Ine ndikufuna aiwale. (Sakuiwala.)

Muyenera kudziwa kaye mmene ndinakulira. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo anandilera ndi agogo anga aakazi ku Mitundu. Agogo anali munthu wa ntchito, wosachulutsa zonena, ndipo lamulo lawo lalikulu linali limodzi: mwana sadula mawu a munthu wamkulu. Ukakhala ndi nkhani, umagwada pambali n'kudikira mpaka akuone. Ndinakula motero, munthu wa maso osati wa pakamwa. Mpaka lero ndikalowa m'chipinda ndimadziwa amene sakulankhulana, mpando umene ukugwedera, ndi mwana amene wabwera osadya. Kungoti sindinena.

Nditapeza ntchito pasukulu ina yolipira ku Area 47, anandilemba mongondiyesa kwa teremu imodzi. Eni sukuluyo, Mayi Kalonga, anandiitanira mu ofesi teremu ili pakati. Anati ntchito ndikuidziwa, ana akukhoza, koma sindimveka. Makolo a kumeneko, anatero, amafuna mphunzitsi woti akamaphunzitsa, ngakhale mlonda wa pageti aziphunzira nawo. Anandiuza mosabisa kuti adzaona pa tsiku la makolo ngati ndikhale kapena ndizipita. Ndinayankha kuti zikomo. (Ndimayankha zikomo ngakhale munthu atandiponda phazi m'minibasi.)

Sindinachite mantha kwenikweni, chifukwa ndinali ndi mutu wabwino wa phunziro. Teremu imeneyo ndinkaphunzitsa Sitandade 4 za anthu amene anayamba zinthu zoopsa: omanga milatho italiitali, oyamba kuuluka m'ndege, ndi aja anakwera chombo kupita kumwezi asakudziwa ngati adzabwerako. Ndinkaphunzitsa bwino, ndisaname. Ana ankakhala chete mpaka belu. Nditawauza kuti anthu asanapite kumwambako anayamba atumizako galu, kamtsikana kena kolongolola, Tadala, kanakweza dzanja.

"Madamu, galuyo anamufunsa kaye?"

Ndinati ayi.

"Ndiye wolimba mtima anali ndani pamenepo?"

Funso limenelo tinakambirana mpaka nthawi yopuma inatipitirira. Anyamata anaganiza kuti pa tsiku la makolo tipange chombo chathu, titumize tambala wa amlonda. Ndinakana. Ndinati tichite chinthu chanzeru, chosavulaza aliyense: timange mlatho. Kuseri kwa bwalo la masewera kuli ngalande imene imalekanitsa bwalolo ndi dimba la sukulu, ndipo ana ankazungulira kutali akamapita kukathirira. Kuti ntchitoyo aikonde, ndinawauzanso zimene ndinamva kwinakwake, zoti kale womanga mlatho ndiye ankayamba kuwolokapo, kuti ngati wanama, agwe yekha. Sindikudziwa ngati n'zoona. Anawo anazitenga ngati vesi.

(Pano ndiulule kuti timilatho tamitengo tija ta pamtsinje wa Lilongwe, tolumikiza misika ku Old Town, ine sindinapondepo chibadwire. Ndimazungulira kumlatho waukulu, ngakhale nditasenza matimati.)

Mitengo ya bulugamu tinaipeza kuseri kwa khitchini, yotsala pamene ankamanga makalasi atsopano. Matabwa tinachotsa ku madesiki othyoka, misomali ndinagula ndekha kumsika. Ana anakhoma, anadzimenya zala, anakangana, anapaka penti yoyera ndi yofiira. Mlatho unatha kudakali masiku ambiri, ndipo unali wokongola. Mayi Kalonga atauona anakondwa kwambiri moti analamula kuti wina aliyense asapondepo mpaka tsikulo, kuopa kudetsa penti. Anamangapo riboni mbali zonse. Mphunzitsi wa zomangamanga weniweni akanati, Madamu, mlatho umayesedwa. Ine ndinati zikomo. Inali nthawi ya dzinja, ndipo mlathowo unangokhala pamenepo ukuvumbwa ndi kuuma, wosapondedwa ngati manda atsopano.

Tsikulo linafika. Anakhoma tenti pabwalo, magalimoto anadzaza mpaka kumsewu. Mlendo wolemekezeka anali wapampando wa komiti ya makolo, Bambo Chimwaza a ku Area 43, munthu wansangala ndiponso wodalitsika thupi, woti akatsika m'galimoto, galimotoyo imaoneka kuti yapuma. Dongosolo linali lakuti zolankhula zikatha, kudya kukatha, ine ndifotokoze za mlatho, kenako ana awoloke mmodzimmodzi.

Mayi Kalonga atayamba kulankhula, ine ndinali kumbuyo ndi ana anga, pafupi ndi mlathowo, ndikuchita zimene ndimatha: kuyang'ana. Ndipo ndinaona timizere ta dothi lofiira tikukwera m'mbali mwa mtengo, kunsi kwa matabwa, kumene penti sinafike. Ndinawerama ngati ndikukonza nsapato, n'kudina ndi chala. Chala chinalowa ngati mu nthochi yakupsa. Chiswe. Chiyenera kuti chinali m'mitengomo kuyambira kuseri kwa khitchini kuja, ndipo ife tinangochipakira penti nyumba yake.

Ndinaweramuka. Ndinati nthawi ilipo, ndiwauza Madamu akangomaliza, tipeze chonamizira, ana asawoloke. Koma Mayi Kalonga akagwira chimkuzamawu samaliza msanga. Anayambira pamene sukulu inali m'galaja. Ndinatsokomola. Palibe anatembenuka. Ndinayenda chowerama kutsogolo kwa makolo, n'kukagwada pambali pa tebulo lawo, manja pamodzi, monga ndinaphunzitsidwira. Ndinadikira. Ndinanong'ona kuti, "Madamu." Iwo, osandiyang'ana n'komwe, osasiya kulankhula, anatola mabotolo awiri opanda kanthu patebulopo n'kundipatsa. Ndinalandira ndi manja awiri.

Ndili chigwadire ndi mabotolo anga, ndinamva akunena kuti ali ndi chinthu chimene sanauze aliyense, ngakhale aphunzitsi. Anati popeza mvula ikuoneka kuti ikubwera, tisadikire chakudya. Mlendo wathu wolemekezeka adule riboni pompano, ndipo akhale munthu woyamba kuwoloka mlatho wa ana athu. Anthu anawomba m'manja. Bambo Chimwaza anadzuka, anakonza jekete, gulu lonse linanyamuka kulowera kungalande, ine pambuyo.

Pamtunda waufupi umenewo ndinaganiza zambiri. Ndikafuula kuti chiswe pamaso pa makolo onse, ndachititsa manyazi eni sukulu, ndipo Lolemba ndilibe ntchito. Ndikakhala chete, wapampando wa komiti alowa m'ngalande ndi suti yake, ndipo Lolemba mwina sukulu yomwe kulibe. Riboni inadulidwa. Amayi ena analuluta. Bambo Chimwaza anatukula phazi, nsapato yonyezimira ikupenya kumwamba.

"Bwana, pepani! Womanga ndiye amayamba!"

Ndinadabwa kuti mawuwo anali anga. Anamveka mpaka kugeti. Mayi Kalonga anandiyang'ana ngati mpando walankhula. Koma ana anga onse anavomera pamodzi kuti n'zoona, ndi lamulo, Madamu anatiphunzitsa. Bambo Chimwaza anaseka, anabweza phazi, n'kunditambasulira dzanja ngati akundilowetsa mu hotela.

Ndinali ndi nzeru yake, musandione chonchi. Ndinati ndiponda mwamphamvu koyambirira kwenikweniko, thabwa lilire, ndibwerere m'mbuyo, aliyense aone yekha kuti mlatho sunakonzeke. Ndinaponda. Zii. Ndinapondanso, mwamphamvu ndithu. Zii. Anthu anayamba kuwomba m'manja motsatira mapazi anga, ndipo munthu akamakuwombera m'manja subwerera. Ndinayenda, mutu uli m'mwamba, botolo uku botolo uku. Ndinafika poganiza kuti mwina chiswecho ndachinamizira. Mlathowo unandidikira mpaka ndifike pakati penipeni.

Thyo! Kenako phava!

Ngalande imeneyo si yakuya, koma m'dzinja mumakhala matope, ndipo madzi otsukira mbale a kukhitchini amatsikira momwemo. Ndinakhala pansi, matope mpaka m'chiuno, nsapato imodzi itapita kumene sindikudziwa mpaka lero, tsamba la kabichi lili paphewa. Mabotolo sindinataye. Kumwamba kunali nkhope zokhazokha, zonse zili chete. Ndinamva mwana wina wakhanda akuyamwa.

Amene anathetsa bata anali Tadala. Anatembenukira makolo, manja kumbuyo ngati akulakatula, n'kufotokoza kuti oyamba ambiri amagwa, ndipo akagwa salira, amafufuza chimene chalakwika. Kenako anasuzumira m'ngalandemo.

"Madamu, chalakwika n'chiyani?"

Manyazi ali ndi malire ake. Ukafika pokhala m'madzi otsukira mbale pamaso pa anthu a magalimoto, palibenso choti uteteze. Ndinaika mabotolo pambali, ndinatola chidutswa cha mtengo wothyokawo, ndinachikweza m'mwamba, chiswe chikuyoyoka. Ndipo ndinaphunzitsa. Ndili m'ngalande momwemo ndinafunsa ana chifukwa chake mtengo wooneka bwino kunja ungathyoke, chifukwa chake chinthu chimayesedwa anthu asanakwerepo, ndi chimene tikanachita mosiyana. Manja anali m'mwamba kalasi yonse. Mnyamata wina anati tikanayamba tawolotsa wilibala ya njerwa. Wina anati tikanayamba tawolotsa a Sitandade 7. Makolo anaseka, anajambula ndi mafoni, ndipo ambiri anapita kwawo akukhulupirira kuti zonse zinali zokonzeratu. Mayi wina anandiuza kuti sukulu zina sizifika pamenepa.

Bambo Chimwaza sanapusitsike. Ndi iwo amene ananditulutsa, ndipo anayang'ana mtengowo nthawi yaitali, kenako anadziyang'ana pamimba. Anandifunsa chapansipansi kuti chiswecho ndinachiona liti. Ndinati pamene Madamu amalankhula.

"Nanga osanena bwanji, aphunzitsi?"

"Amalankhula, bwana."

Anaseka mpaka kuvula magalasi.

Lolemba Mayi Kalonga anandiitana. Sanamwetulire. Anati Bambo Chimwaza awauza zonse, ndipo sakudziwa ngati andithokoze kapena andikalipire, choncho achita zonse ziwiri. Anachitadi, kuyambira ndi kukalipa. Pomaliza anati makolo akufuna ana awo adzakhale m'kalasi mwanga chaka chamawa, ndiye ndikhale. Mlatho tinamanganso ndi mitengo yatsopano, ndipo tinauyesa ndi wilibala ya njerwa, monga ananenera mnyamata uja.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti mbiri imakhala ndi ntchito zake. Kuyambira pamenepo, pasukulu pathu ine ndine munthu wosaopa. Njuchi zikamanga kudenga, amati itanani Madamu a Sitandade 4. Kholo likabwera litakwiya, likumenya tebulo, amati apite a Sitandade 4, iwo aja saopa kanthu. Mlungu wathawu m'chipinda chosungiramo mabuku munaoneka njoka. Ndinapeza aphunzitsi aamuna ataima patali bwino, akukambirana mtundu wake, ndipo atandiona anapatuka n'kundipatsa ndodo, mwaulemu ndithu, ndi manja awiri. Ndinafuna kuwauza kuti ine njoka ndimaiopa ngakhale ya pachithunzi. Koma mawindo onse a Sitandade 4 anali atadzaza timitu, tikudikira kuona chimene oyamba amachita.

Ndinalowa. Kulimba mtima ukakuonetsa kamodzi pagulu, sakufunsanso ngati ukadali nako.