Manja Anga ndi Chiwongolero cha Nambala Seveni

Kwa Bwana Mkulu Woona za Galimoto ndi Maulendo,
Ofesi ya Pamwamba, chitseko chachiwiri kumanja.

Kudzera pa bolodi ya zidziwitso, pafupi ndi ketulo ya madalaivala.

Wolemekezeka Bwana,

Ndiyambe ndi kupepesa chifukwa cha kalembedwe kanga. Mukaona zilembo zina zitapendama musadabwe, matenda anga mukuwadziwa kale, pajatu munawatulukira ndinu nomwe.

Mwina nkhope simukuikumbuka, poti ndife ambiri ndipo pakhonde lanu m'patali. Ndine mdala wa imvi uja woyendetsa pikiapu yaikulu, Nambala Seveni, yonyamula majenereta ndi migolo ya dizilo kupita ku nsanja za mafoni. Ndayendetsa galimoto za kampani ino zaka makumi awiri ndi ziwiri, osagundapo ngakhale nkhuku. Lachitatu lapitali munandilembera kalata yokoma kwambiri yoti ndikapume kunyumba chifukwa manja anga amanjenjemera pachiwongolero. Zikomo, Bwana, kupuma ndani angakane? Ndiponso mwandichitira ulemu wina waukulu: makiyi a Seveni mukuwapereka Lolemba m'mawa kwa dalaivala watsopano amene mwamulemba kumene, yemwe ndi mwana wanga wamkazi woyamba, mayi wa khanda la miyezi isanu ndi itatu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndalemba. Makalata atatu oyamba ndinawasiya m'thireyi ya asekeletale anu, ndipo ndamva kuti akugona bwino momwemo. Iyi ndaipachika poyera kuti ipumeko mpweya.

Poti inu simunakwerepo Seveni kupitirira pageti, ndiloleni ndikufotokozereni khalidwe lake. Ndi galimoto yaulemu ikamayenda pang'onopang'ono. Koma singano ya liwiro ikangofika pa sevente faifi, tayala lakutsogolo n'kugunda kabampu kalikonse, makamaka pampata paja pamene phula limalumikizana ndi mlatho waukulu, eee, Bwana! Kutsogolo konse kumayamba gwedegwede ngati sefa ya mayi wofulumira. Chiwongolero chimakumenya m'manja uku ndi uku, boneti imavina, magalasi amalira, mano ako amaombana okha. Siisiya mpaka liwiro litatsikiratu ngati la njinga. Anzanga anaipatsa dzina loti Chivomezi, ndipo palibe amene amapempha lifiti.

Tsono pofuna kuti ndisachoke ngati munthu wosayamika, ndandandalika pansipa zabwino zimene ofesi yanu yachita pa nkhaniyi.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha kayesedwe ka galimoto. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse timazungulira katatu mtengo wa mbendera pabwalo lathu losalala lija, inu mutaima pakhonde, kapu ya tiyi kudzanja lamanzere, cholembera kudzanja lamanja. Timayenda mwaulemu moti tsiku lina nkhuku ya alonda inandipitirira kumanzere osaimba hutala. Tikamaliza mumachonga pafomu kuti "ili bwino", n'kumenya chidindo. Seveni yakhoza mayeso amenewa miyezi khumi ndi inayi motsatizana. Mwana wasukulu wokhoza chotero tikanamugulira nsapato. Ine mbuli ndinkaganiza kuti matenda oyambira pa sevente faifi ayenera kufunidwa pa sevente faifi, koma sindinapite patali ndi sukulu.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha kashoko kachikasu. Nditadandaula koyamba, munalamula kuti amange kashoko koziziritsa chiwongolero, katsopano, konyezimira, ndipo munatsika masitepe kudzakaona nokha. Kanagwira ntchito masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi kanatuluka mafuta ngati mphuno ya mwana wachimfine, gwedegwede uja n'kubwerera ali ndi mphamvu za munthu wochoka kutchuthi. Munalamula kachiwiri, kenaka kachitatu. Amakaniko anayesa kunena kuti kashoko sikachiza, kamangotseka pakamwa wodwala kuti asabuule, koma inu munawakumbutsa kuti amene anapita kukosi ya zamaulendo ndi ndani. Anakumbukira.

3. Ndikuthokoza chifukwa cha chovala cha ubweya chimene munaveka chiwongolero kuti ndizigwira mofewa. Kunena zoona chathandiza: matuza a m'manja anachepa. Ndikuthokozanso chifukwa cha maphunziro a tsiku lathunthu aja otchedwa "Mtima M'malo Pamsewu", pamene mphunzitsi wa tayi yofiira anatiuza kuti zinthu zikavuta tizipuma mpweya wambiri n'kuwerenga mpaka teni. Ndinayesa pamlatho. Ndinafika pa folo, lilime n'kulowa pakati pa mano. Masikono a tsiku limenelo anali abwino.

4. Ndikuthokoza chifukwa chokhulupirira lipoti la katswiri wa majenereta. Munthu ameneyu ndinamutenga mwezi watha, ali ndi fayilo pamiyendo ndi mano ake oikirira m'kamwa. Titafika pamlatho, Chivomezi anayamba zake, kutsogolo kukubwera basi yodzaza. Ine ndinachotsa phazi pamafuta pang'onopang'ono, osaponda buleki mwamphamvu, chiwongolero nditachigwira ngati mmene umagwirira mbuzi yokwiya, osalimbana nayo koma osaitaya. Basi inadutsa pafupi moti utoto wake tinaununkhiza. Titaima, katswiri anafunafuna mano ake pansi pa mpando, nawapeza, naitana amayi ake amene anamwalira kalekale. Kenaka anakulemberani kuti waona ndi maso ake dalaivala akunjenjemera thupi lonse, kuyambira manja mpaka masaya. Sananame, Bwana. Anangoiwala kulemba kuti iyenso, fayilo yake, jenereta ndi migolo inayi ya dizilo tinkanjenjemera limodzi. Kaya nayonso migoloyo muipumitsa pantchito, sindikudziwa.

5. Apa ndiye ndikuthokoza mwapadera, chifukwa ndi pamene nzeru zanu zinandiwalira. Munanditumiza kwa anesi a kampani kuti akandiyeze manja. Anesi anandipatsa singano ndi ulusi, ndinalowetsa kamodzi n'kamodzi, popanda magalasi. Anandipatsa kapu yodzaza madzi mpaka m'milomo kuti ndiyende nayo kukafika pachitseko n'kubwerera, silinagwe ngakhale dontho. Analemba kuti mdalayu ali bwinobwino. Inu mutawerenga munakana, ndipo mawu anu ndinawasunga pamtima: munati kuyeza munthu m'chipinda ali phee sikuonetsa kanthu, chifukwa vuto lake limabwera ali pamsewu, pa liwiro. Bwana, ndinatsala pang'ono kuomba m'manja! Ndi zomwezo ndakhala ndikunena chaka chonse za galimotoyi. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinalephera mayeso amene ndinakhoza, pamene Seveni inakhoza mayeso amene sinalembe.

Tsopano ndiulule tchimo, poti pantchito ndachoka kale. Loweruka lina masana, ine ndi amakaniko athu aakulu, mayi aja tonse timawatchula kuti a Nagirisi chifukwa ovolosi yawo ili girisi yekhayekha, mtundu wake weniweni sunaonekepo, tinayeza galimotoyi popanda chilolezo chanu. Sitinagwiritse ntchito kompyuta. Iwo anagona chagada pakatoni kunsi kwa injini, matayala ali pansi, ine ndili m'kati kugwedeza chiwongolero kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere. Sipanathe mphindi ziwiri, ndinamva akutukwana mawu amene sindingawalembe pabolodi ya kampani. Anandikokera pansi kuti ndidzionere ndekha, n'kuitana alonda kuti azigwedeza.

Pali chitsulo chopingasa, chachitali ngati mkono ndi theka, chimene chimagwira ekiselo yakutsogolo kuti isamatererekere m'mbali. Kumapeto kwake kuli mphira ndi bawuti. Mphira uja anatha kalekale, watsala ngati chingamu chotafunidwa, ndipo bowo la bawuti lakula mpaka kukhala ngati dzira. Ukagwedeza chiwongolero, galimoto yonse imasuntha kaye payokha matayala asanamve uthenga. A Nagirisi analowetsa chala chawo chaching'ono pamene sipayenera kulowa ngakhale tsitsi, nati mfundo ziwiri za chitsulo cholumikiza matayala nazonso zayamba kulankhula. Anati ntchito yonse ndi ya m'mawa umodzi: kusintha chitsulocho ndi mfundozo, kuwotcherera bowo, kumanga mabawuti mokwanira, kuwongola matayala, basi, nkhomaliro n'kudyera kunyumba.

Chokondweretsa n'chakuti zitsulo zimenezi tili nazo. Zili m'sitolo yathu yomwe, shelefu yachitatu, kuseri kwa mabokosi a tishoko tachikasu, zikadali m'mapepala ake. Asitolo, munthu woopa Mulungu ndi malamulo, anati sangatulutse popanda fomu yofiira. Fomu yofiira imalembedwa pokhapokha galimoto ikalephera mayeso a pabwalo. Mayeso a pabwalo ndi aja a mtengo wa mbendera. Ndinazungulira nkhaniyi m'mutu katatu, monga mwa mwambo wa kampani, ndipo ndinabwerera pomwe ndinayambira. Amene anakonza dongosolo limeneli Mulungu amusunge, mbava singabe chitsulo chathu, ngakhale galimotoyo singachipeze.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangomuletsa mwanayo. Ndayesa, Bwana. Dzulo ndinapita kwawo, ndinamupeza akusita yunifolomu imene mwamupatsa, khanda lili kumsana, akuimba. Ndinamufotokozera zonse, za mlatho, za bawuti, za phazi kuti lisathamangire buleki. Anamvetsera mwaulemu, kenaka anati adadi, ntchitoyi ndaidikira zaka ziwiri, ndipo ndine mkazi woyamba kupatsidwa galimoto yaikulu pakampani pano. Ndikakana makiyi tsiku loyamba adzati tinanena ife, akazi ndi amantha, ndipo sadzalembanso wina. Kuuma mutu kumeneko anatengera kwa ine. Kuyendetsa amatha, ndinamuphunzitsa ndekha, ndipo pobwerera m'mbuyo ndi ngolo amandiposa. Koma anaphunzirira pa galimoto zamoyo. Chivomezi ine ndinamudziwa pang'onopang'ono, akuyamba ngati kanthabwala, ndipo ndakula naye limodzi. Iye akakumana naye koyamba ali wamkulu kale, pamlatho, ndi dizilo kumbuyo. Phazi la munthu aliyense wodzidzimuka limapita pabuleki. Amayi ake a mwanayu sakudya bwino chiyambire Lachitatu, ndipo akandiyang'ana ndimaona ngati bawutiyo ndinamasula ndine. Ndikuopa, Bwana. Pamawu amenewa palibe nthabwala.

Galu wamkota sakandira pachabe, komabe sindikupempha kuti mundibwezere ntchito. Mpando wanga wa pakhonde ndaupukuta kale, ndipo mdzukulu akufuna womunyamula. Zopempha zanga ndi zazing'ono, musankhepo chimodzi chimene sichikutopetsani.

Choyamba n'chapafupi: fomu yofiira imodzi, siginecha yanu yokongola ija yokhala ndi mchira, a Nagirisi agwire ntchito yawo Lolemba lisanafike. Anena kuti abwera ngakhale Lamulungu akatuluka m'tchalitchi.

Ngati malamulo salola, pali chachiwiri. Mwa chizolowezi chanu, dalaivala watsopano aliyense mumakwera naye ulendo wake woyamba kuchokera pakhonde mpaka pageti, wojambula n'kutola chithunzi cha m'kalendala, inu n'kutsika. Lolemba lino musatsike. Khalani pampando wakutsogolo mpaka kutsidya kwa mlatho, ndi ulendo wa mphindi makumi awiri okha, ndipo ndandanda ya maulendo imene munalemba nokha imafuna liwiro la eyite. Tengani kapu yanu ya tiyi, yodzaza, ndi fomu yoyera ija, kuti mukachongere komweko kuti ili bwino. Pajatu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye sindikukayika kuti mukhala naye pafupi mosangalala.

Koma ngati Lolemba muli ndi msonkhano, monga mmene zimakhalira, ndagwira mwendo wanu pa chachitatu, chimene sichifuna chitsulo kapena kutsika masitepe. Tengani kalata ija munandilembera, mufufute dzina langa, mulembepo la mwana wanga. Nenani kuti mwapeza kuti matenda a manjawa ndi akumtundu, ndipo nayenso akapume. Adzalira, adzandikwiyira mwina chaka chathunthu, sadzandipatsa moni pamsewu. Ndivomera. Bola azindikwiyira akuyamwitsa mwana wake.

Ndatha ine wanu wogonjera nthawi zonse, amene walemba zonsezi ndi dzanja limodzi, kapu yodzaza ili kudzanja linalo,

Dalaivala wakale wa Nambala Seveni,
Bambo wake wa dalaivala watsopano.