Makuponi Makumi Awiri ndi Thumba la NyaZimba

Lolemba

Makuponi atha kulembedwa. Alipo makumi awiri, manambala 1 mpaka 20, odulidwa ndi lezala motsatira rula. Chidindo ndasema ndekha pa patapata wakale. Chikuoneka ngati cha ku Boma.

Chifukwa chake n'chakuti mbewu ya chimanga yakhala pa shelefu milungu itatu, mvula ili pafupi, koma anthu akungodutsa sitolo yanga kupita kwa a Kumwenda, amene ali ndi wailesi pakhonde. Wailesi sabzala. A Mulenga, aphunzitsi ochokera ku Kitwe, akuti kutauni ogula amakokedwa ndi kapepala. Ine kapepala ndili nako.

Malamulo ndakhoma pachitseko:
1. Wogula paketi ya chimanga ali ndi kuponi alandira kapu imodzi ya mbewu ya mpunga, yaulere.
2. Kuponi imodzi, munthu mmodzi, kamodzi kokha.
3. Kuponi itsala m'sitolo.
4. Kapu ndisalaza ndi rula.

Mpungawo ndi wa mkazi wanga NyaZimba, uja wonunkhira amene amasunga yekha chaka ndi chaka kuti abzale kudambo. Ali ku Chikwa, mwana wathu Tiza wabereka. Abwera Loweruka. Pochoka anati, "Makapu makumi awiri okha. Wotsalawo ndi wa munda wanga." Ndajambula mzere wa makala pathumba, pamene mpunga uyenera kulekezera. Zonse ndaziganizira.

Lachiwiri

Makuponi onse agawidwa m'mawa: aphunzitsi, anamwino, alimi odalirika. Nambala 7 ndapereka kwa apongozi NyaGoma, akulu awo a malemu amayi a mkazi wanga, poopa kuti angamve kwa ena.

Woyamba kubwera ndi iwowo! Akhala pansi kumbali kwa khonde, nkhope kuyang'ana kumsewu monga mwa mwambo, n'kumasula kuponi pa mfundo ya chitenje. Agula paketi. Ndathira kapu, ndasalaza. Ndagwada, ndatambasula manja onse awiri kuti ndilandire pepala. Iwo alipinda n'kulimanganso.

Akuti, "Kuchipatala khadi amaona n'kundibwezera. Chitupa apolisi amaona n'kundibwezera. Pepala la chidindo sasiyira munthu, tate."

Ndaloza lamulo lachitatu pachitseko. Sanatembenuke. Munthu sungalimbane ndi mfundo ya chitenje cha apongozi, choncho ndangolemba m'kope kuti 7 yagwira ntchito. Kope silinama. Mapaketi anayi atuluka lero, ndipo a Kumwenda akweza wailesi.

Lachitatu

Nambala 7 yabwera kasanu. Manja osiyanasiyana, mawu amodzimodzi: "Atituma ndi agogo NyaGoma." Kubweza wotumidwa ndi apongozi ndi kubweza apongoziwo. Ndathira.

Amene asiya makuponi mwaulemu: anamwino, a Mulenga. Basi. Ena onse amva kuti pepala satenga. Wina walisunga m'Baibulo, wina walikulunga m'pulasitiki ngati satifiketi ya ukwati.

Ndapeza nzeru: kung'amba kangodya ka kuponi iliyonse yogwira ntchito. Ndayamba ndi nambala 12 ya a Lungu, mkulu wa mpingo. Ayang'ana pepala, ayang'ana ine. Akuti, "A wisi Tiza," kundiitana mwaulemu monga bambo wa Tiza, "pa zaka zanga zonsezi palibe anandinyozapo chonchi pagulu. Mwang'amba mpaka chidindo." Ndapepesa ndi kapu ina, yosasalaza. Kung'amba ndasiya.

Mpunga wafika kale pamzere. Ndikuganiza kuti Lolemba ndinayeza thumba lili lopendekera. Ndajambula mzere wina m'munsi pang'ono, wowongoka bwino kuposa woyamba.

Lachinayi

Vuto ndi pepala, osati nzeru. Pepala limabwerekedwa. Manje ndalemba pachitseko ndi zilembo zazikulu kuti MAKUPONI ATHA NTCHITO. M'malo mwake pali mawu achinsinsi, amene munthu anene pa kauntala motsitsa. Mawu sungamange pa chitenje.

Mawuwo ndi "nyundo". Owadziwa ndi anthu asanu ndi anayi okha, amene makuponi awo sanabwerepo. Ndawaitana mmodzimmodzi kuseri kwa sitolo. Aliyense walonjeza, wina mpaka wanyambita chala n'kuloza kumwamba.

Wotsiriza ndi a Ng'uni, amene makutu anayamba kuwavuta kalekale. Ndanong'ona, sanamve. Ndakwezako, sanamve. Kachitatu amva, n'kufunsa ndi mawu awo aja oitanira agalu kumunda: "Mwati nyundo? Ndikanena nyundo mundipatsa mpunga?" Kuseri kwa sitolo kwayandikana ndi chigayo. Injini inali itangozima kumene. Pamzere panali amayi ambiri ndithu, koma ndikukhulupirira kuti anali pa nkhani zawo.

Lachisanu

Potsegula ndapeza mzere wafika pamtengo wa mango. Palibe wopereka moni. Aliyense akuwerama pa kauntala, kuyang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti "nyundo". Chinsinsi akuchilemekeza, izi zokha sindingawanamizire.

Abwera:
— amayi a kuchigayo, onse
— amuna atatu a ku Tembwe pa njinga, amene anamva dzulo pamaliro
— a Lungu, ndi mawu komanso pepala, akufuna makapu awiri
— nambala 7, kawiri
— a Kumwenda eni ake

A Kumwenda sananong'one. Akuti, "Nyundo, aneba. Mundisalazire bwino." Ndawathira, kuti aone mmene malonda amayendera.

Ndayesa kubweza mayi wina amene sindinamuuze mawu. Akuti, "NyaBanda mwamupatsa ndikuona. Ine ndinakulakwirani chiyani? Si ine ndinatunga madzi pa ukwati wa Tiza?" Anatungadi. Ndathira.

Masana ndasintha kapu, ndatenga ya tiyi. Madzulo ndatenga chivundikiro cha botolo la mafuta odzola. Lamulo loyamba nalo lafa, poti chimanga chitatha anthu ayamba kugula singano.

Koma chimanga chatha! Shelefu ili mbee, koyamba chitsekereni kopaletivi. Nzeruyi yagwira, aliyense waona. Mzere wachitatu ndajambula. Thumba ndikulinyamula ndi dzanja limodzi.

Loweruka

Ndasesa sitolo kawiri. Thumba ndaliimika pa njerwa kuseri kwa kauntala ndi kulikoka makutu kuti lioneke lalitali. Zoyamba kumuuza ndazikonza motsatana: chimanga chatha, a Kumwenda anagula kwa ife, anthu akuchokera mpaka ku Tembwe.

NyaZimba watsika lole masana. Tiza ali bwino, mdzukulu ndi wamkazi, akuti ali ndi mphumi yanga. Ndayamba za chimanga. Sanandidule. Wapita kuseri kwa kauntala, wanyamula thumba ndi zala ziwiri, walitembenuza pa lichero. Mpunga sunaphimbe ngakhale pakati pa lichero.

Akuti, "Mizere itatuyi ndi ya chiyani?" Ndafotokoza bwinobwino, woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndi chifukwa cha uliwonse. Ndamuonetsa ndi kope. Akuti, "Mvula ikagwa ndibzala mizere?"

Ndanena kuti ndimugulira mbewu ina ku Boma. Akuti mpunga uwu anausiya ndi amayi ake, sagulitsa m'sitolo iliyonse, ngakhale yanga. Izi ndimazidziwa. Sanakweze mawu, ndiye chikundiopsa. Wapinda thumba n'kuliika m'manja mwanga. Mawa tikatuluka m'tchalitchi ndiyende nyumba ndi nyumba, ndikapemphe mbewu yake.

Sizovuta. Mayina onse ali m'kope.

Lamulungu

Kumwamba kwada chakumapiri. NyaZimba wanola khasu lake, sanapite nane.

Anamwino abweza kapu yawo yonse, akuti analibe pobzala. A Mulenga nawonso, ndipo akuti kutauni sizimathera chonchi. Makapu awiri. Ndayamba bwino.

Kwa a Lungu mtondo uli pabwalo, mankhusu ali mbwee, nkhuku zikutola. Akuti, "Tinkati mwatipatsa, a wisi Tiza. Kodi munatibwereka?"

Kwa apongozi ndakhala patali, pa mpando umene anditumizira. Ndafotokoza nkhani yonse ndikuyang'ana pansi. Amvetsera ali cham'mbali. Akuti mpunga wa m'bale wawo anali atausowa zaka zambiri, ndiye anapuntha wonse dzulo kuti alawe pa Sabata. Kenako mbale yafika pamapazi panga, yodzaza, nthunzi ili tolotolo. Chakudya cha apongozi sakana. Ndadya. Andionjezera. Ndadyanso.

Ndikulemba izi pansi pa mtengo, thumba lili pamiyendo ndi makapu ake awiri. Madontho ayamba kugwa pa kope. Kwatsala nyumba zambiri, ndipo kulikonse kumene mphepo ikuchokera kukununkhira mpunga wophika.