Che Uledi Sankajambula Munthu Ali Yekha

Mukafunsa za Che Uledi ku Chirunga kuno, aliyense ayamba ndi chimodzi: mkuluyo sankajambula munthu ali yekha. Ankakhala pansi pa jakaranda pafupi ndi geti la yunivesite, kamera ili pakhosi, kachipewa katapendekeka. Ukabwera wekha utatchena suti, ankasuzumira kumbuyo kwako ngati wagwetsa kanthu.

"Anzanu ali kuti, achimwene?"

"Ndikufuna changa ndekha."

"Cha nokha amajambula apolisi. Kaitaneni anthu."

Tsiku lina kunabwera pulofesa, ndevu zake phwii, atavala mkanjo wofiira. Che Uledi anamuimika padzuwa mpaka atamupezera alonda awiri ndi mayi wogulitsa mandasi. Akuti chithunzicho chidakalipo, pulofesa atakwinya nkhope, mandasi akunyezimira.

Che Uledi ankati sukulu siyesedwa ndi kutchuka, imayesedwa ndi anthu amene akuthithikana pachithunzi. Yunivesite ina itakhoma chikwangwani ku depoti, pali mtsikana mmodzi akumwetulira atakumbatira mabuku, Che Uledi anaima pansi pake akupukusa mutu.

"Mwana wokongola chonchi, sukulu yonse osapezeka womuima pambali? Amulakwira chiyani?"

Amene ankatsutsana nawo osatopa anali Vera, mtsikana wa ku Mbedza. Ali chaka chachiwiri pa Chirunga pompano anapeza malo ku yunivesite ya kunja, ija dzina lake ngakhale makondakitala amalidziwa.

"Che Uledi, kuja dziko lonse limalimbirana malo. Anthu onsewo ndi opusa?"

"Minibasi ya ku Blantyre nayonso amalimbirana, mwanangu. Koma akakwera amachezerana?"

"Inu ndiye simunapiteko."

"Mukatumize chithunzi, tidzaonere pomwepo."

Anatumizadi atamaliza: mkanjo wakuda, nyumba zazitali zamiyala kumbuyo, iye ali yekha pakati. Anamujambula munthu wongodutsa. Yankho silinabwere, ndipo zimenezi zinamudya Vera. Pobwerera kumudzi, m'ndege monse ankasanja mfundo zake: laibulale yosatseka, aphunzitsi olemba mabuku, ntchito zomuyembekezera. Zonse zinali zoona. Ankangofuna kumva mkuluyo akunena kuti, "Munasankha bwino."

Pansi pa jakaranda anapezapo wogulitsa mayunitsi. Che Uledi anali atamwalira mwezi wa Ramadani, naikidwa tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu. Akuti ophunzira anatuluka m'makalasi ndi m'mahositelo, msewu unadzaza mpaka minibasi zinaima, ndipo panalibe wowajambula.

Mkazi wa malemuwo, Abiti Sefu, anamulandira Vera pakhonde la nyumba yawo, nalowa m'nyumba kukatenga chithunzi cha m'felemu. Chinali cha kalasi imene Vera anaisiya, tsiku lawo lomaliza maphunziro, anthu atapanikizana mpaka ena akuoneka khutu lokha. Pakati pawo panali Vera, wodulidwa ndi sizasi pa chithunzi chake chija n'kumatidwa ndi guluu, wamtali kuposa onse, mutu ukugunda nthambi za jakaranda.

Vera anaseka, kenako anasisita malo omatidwawo ndi chala.

"Ananenapo chiyani, amayi?"

"Anangoti, 'Mwana asaime yekha pozizira paja.' Basi."

Mfundo zake zija Vera sanamuuzepo aliyense. Masiku ano amadutsa pagetipo akuganizabe ngati akhale kapena anyamukenso. Ophunzira ndi ochuluka kuposa kale, aliyense atatambasula mkono ndi foni, akudzijambula yekha. Iye amaima pang'ono, n'kusuzumira kumbuyo kwawo ngati agwetsa kanthu.