Bambo Ernesto Sakudya

Lolemba

Mbale yabwereranso kukhitchini. Mpunga sunakhudzidwe, nkhuku angoiluma pang'ono ngati akuipepesa. Miyezi itatu tsopano Bambo Ernesto, wansembe watsopano wochokera ku Peru, sakudya zomwe ndikuphika. Ine amene ndaphika pa parishi pano zaka makumi awiri ndi ziwiri! Ndadyetsapo ansembe amitundumitundu, palibe anandibwezerapo mbale.

Bambo Mfumu andiitanira ku ofesi. Akuti akuganiza zopempha masisteri kuti mlendoyu azikadya kwawo. Zikatero, ntchito yanga ikhala ya masiku awiri pa sabata, poti iwo eni amadwala shuga, chakudya chawo ndi masamba owiritsa amene ngakhale mlonda angathe. Nyumba imene ndikukhalamo ndi ya parishi, ndipo ndi ya wantchito wa masiku onse. Sananene zimenezo, koma ndamva.

Ndapempha sabata imodzi. Mwana wanga Agnesi, namwino, akuti munthuyu wangosowa kwawo. Wafufuza pa foni zimene amadya ku Lima, likulu la dziko lawo. Ndalemba:

1. Nsomba yaiwisi ya mandimu.
2. Chakumwa cha chimanga chapepo.
3. Mbira yowotcha.

Lamulungu ndiwaikira zonse zitatu patebulo. Aona okha.

Lachiwiri

Nsomba. Agnesi akuti ku Lima nyanja yamchere ili pakhomo penipeni, mvula sigwa kwenikweni, kumangochita nkhungu, ndipo nsomba akaivuula m'mawa, masana aidya. Kuno nyanja yathu ndi damu la pa esiteti ya fodya. Tenanti wina wa ku Mulanje wandigwirira milamba iwiri.

Ndaidula tizidutswa. Anyezi, tsabola wa kambuzi, mandimu khumi. Pamoto ayi, akuti mandimuwo ndiwo amaphika. Ndakhala ola lathunthu ndikuyang'ana m'mbale, sindikuona chikupsa. Yangotuwa pang'ono, fungo la matope lili pomwepo.

Wophika weniweni amalawa. Ndalawa masupuni atatu.

Lachitatu

Sindilemba zambiri. Kuseri ndapita kasanu ndi kawiri. Misa ya m'mawa ndaimvera kuchimbudzi, ndipo imamveka bwino ndithu.

Amake Agnesi akundipatsa madzi a mchere ndi shuga uku akundinena: "Zaka zonsezi mumanyoza ndiwo zanga kuti sizipsa. Lero mwadya mlamba wamoyo, eti?"

Nambala 1 ndafufuta. Masana ndadzikoka kukakazinga mbatatesi. Zabwerera.

Lachinayi

Chimanga chapepo kulibe. Ku Nsaru kulibe, ku Kabudula kulibe. Wogulitsa mbewu wina wandifunsa motsitsa mawu ngati wandituma ndi sing'anga.

Ndapempha chimanga cha makolo chamawangamawanga, n'kukhala pansi kutola njere zakuda imodziimodzi ngati nkhuku. Msana ukuphwanya. Ndawiritsa ndi makoko a chinanazi monga ananenera Agnesi. Mtundu wake, madzi okolopera. Ndathiramo chidede kuti chifiire. Chafiira mopitirira, ndipo kuwawasa kwake mano achita dzanzi.

Ndaika ndowa panja kuti chizizire. Amayi osesa m'tchalitchi aima, ayang'ana, mmodzi waviikamo chala. Akuti utoto wabwino chonchi sanauonepo. Apempha ndowa yonse kukanyikira mlaza wolukira mikeka. Ndawapatsa. Ndinenenji ine?

Yatsala mbira.

Lachisanu

Izi ndiye ndikuzidziwa, tinakula nazo. Ndatenga yonenepa kwambiri m'khola la amake Agnesi, titakangana mkangano umene sindiulemba muno. Lero Lachisanu sitidya nyama, ndiye ndaisunga m'katoni pakona pa khitchini, mawa ndiione.

Bambo Ernesto alowa kudzatunga madzi otentha. Katoni yalira. Asuzumira, agwada pansi pa simenti ndi mkanjo wawo, ayamba kuiyankhula m'chinenero chawo. Kenako ndi Chichewa chawo chodukaduka akundiuza kuti ali mwana ku Lima anali nayo yawo, ankagona nayo chipinda chimodzi. Akuti odya mbira kwambiri ndi anthu a kumapiri, kwawo sankaikhudza. Andigwira dzanja ndi manja awiri kuthokoza mphatso. Aitcha Rosita.

Panopa Rosita ali kuchipinda kwa Abambo, ndipo andipempha kuti ndizimumwetera udzu kawiri pa tsiku. Chiyambire kubwera kwawo, ichi ndi chinthu choyamba chotuluka m'khitchini mwanga chimene alandira. Mtima ukundiwawa kwambiri. Madzulo ndaima pakhomo ndikuyang'ana mipando yathu, kuganiza kuti ikwana ngolo zingati.

Loweruka

Nambala zonse zitatu ndafufuta. Ndapalasa njinga kupita ku Nsaru kukagula anyezi, mwina mawa ndingophika nyama wamba, ndichoke mwaulemu.

Pamsika, kumbali kwa achiwaya, ndaona njinga yamoto ya parishi. Ndayandikira. Bambo Ernesto! Akhala pa kreti, malaya apinda, mafuta mpaka m'zigongono, pansi timitengo ta kanyenya tisanu topanda kanthu, kachisanu ndi chimodzi kali kukamwa. Mtima wa ng'ombe wodula tizidutswa, wopaka tsabola. Wowotchayo, a Yohane, akuti Abambo amaima pamenepa pafupifupi tsiku lililonse akamachokera kunthambi za parishi. Kuyambira sabata yomwe anafika.

Manyazi alibe. Andikokera kreti ina kuti ndikhale. Akuti ku Lima dzuwa likapendeka amayi amawotcha mitima chimodzimodzi m'mphepete mwa msewu, ndipo anayambitsa ndi akapolo ochokera kuno ku Africa, amene mabwana awo ankadya minofu n'kuwasiyira zam'kati. Aloza chiwaya n'kunena kuti: "Bambo, utsi uwu ndi wa kwathu. Ndikakhala pano sindili mlendo."

Ine mtima wa ng'ombe ndimaponyera agalu a parishi. Sindinawauze.

Andipatsa kamtengo kamodzi. Ndadya. Chopweteka kwambiri n'chakuti n'zokoma.

Lamulungu

Phwando palibe. Itatha Misa yachiwiri ndafotokozera Bambo Mfumu zonse, kuyambira mlamba. Aseka mpaka kutsokomola, ine ndili chiimire. Chigamulo chawo: za masisteri aziimika mwezi umodzi. Bambo Ernesto akayamba kudyera pakhomo, ntchito ndi nyumba zikhala. Akapitiriza kudyera pa kreti, ndimange katundu.

Bambo Ernesto avomera mokondwa, bola zizikoma ngati za ku Nsaru. Ndayesa masana omwewo ndi mtima wa ng'ombe umene ndinagula dzulo ku Nsaru. Atafuna nthawi yaitali, amwetulira mwachifundo, n'kufunsa ngati kuli nthochi.

Ndiye basi. Mawa ndikukayamba sukulu kwa a Yohane, munthu wopanda ngakhale epuloni, wopukutira mpeni pa thalauza. Ine wa imvi mutu wonse. Ndawatumizira uthenga, ayankha kuti palibe vuto, koma wophunzira sakhudza nyama sabata yoyamba. Akuti ndibwere ndi chikatoni changa chokupizira moto.