Che Hamisi ndi boti lawo lomwa mafuta a mtedza

Padoko la Kachulu pano padutsa anthu amisala yosiyanasiyana, koma munthu wolawa mafuta asanawathire mu injini analipo mmodzi yekha, malemu Che Hamisi. Ankaviika chala m'chigubu, kunyambita, kutsinzina ngati mayi wolawa mchere m'ndiwo, kenako n'kugamula kuti, "Awa ayi, amutsegula m'mimba." Wotseguka m'mimbayo sanali mwana, inali injini ya boti lawo. Ine nyumba yanga inayang'anizana ndi yawo, ndipo matemba amene ndinkakagulitsa ku Songani ankabwera m'boti lomwelo, choncho izi sindinachite kumva.

Misala yonseyi gwero lake linali mkazi. Che Hamisi anakwatira pachilumba cha Chisi, mkazi wawo Abiti Alli. Mwambo umati mwamuna akakhale kwa mkazi, koma iwo ntchito yawo inali kumtunda kuno, yonyamula anthu ndi nsomba. Anakagwada kwa atsibweni a mkaziyo, eni mbumba, kupempha kuti amutenge.

"Mutengeni," anatero mkuluyo. "Koma Loweruka lililonse ndizimuona pano ndi maso angawa. Likadzadutsa limodzi lokha, mwana wathu adzabwerera kwawo, inu mudzakwatire botilo."

Mwina mukuti vuto lili pati, si pali mabwato opalasa? Simunawadziwe Abiti Alli. Ali mtsikana bwato linawagudubuza pakati pa nyanja, ndipo analumbira kuti m'chimtengo chogoba sadzapondamonso. Chotero banja lonse la Che Hamisi linkalendewera pa kainjini kamodzi kadizilo, kakalekale, kotsokomola ngati nkhalamba ya fodya.

Zaka zinayenda bwino mpaka pamene nkhondo ya ku Mozambiki inatseka njanji, dizilo n'kusowa. Malole anaima. Che Hamisi anapalasa njinga mpaka ku Zomba, anabwerako ndi chigubu chopanda kanthu ndi matuza. Dizilo wotsala m'nyumba anali wa Loweruka limodzi basi. Munthu anaonda m'masiku atatu, ndikunenetsa.

Tsiku lina m'mawa Abiti Alli akukazinga zitumbuwa, mafuta anadonthera pamoto, lawi n'kulumpha.

"Abiti! Mafutawa akuyaka!"

"Nanga mumati aziimba nyimbo?"

"Mtedza uja mwasunga kuti?"

"Umene uja ndi wa mbewu, Che Hamisi. Muukhudze muone."

Anaukhudza. Masana omwewo mudzi wonse unasonkhana kudzaona bambo wandevu zake atagwira munsi, akusinja mtedza, thukuta lili kamukamu. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinaseka kuposa onse, sindibisa. Nsinjirozo anazifunditsa, kuzikulunga m'chiguduli, n'kuzifinya pakati pa matabwa awiri ndi jeke ya lole imene inkangokhala poti lole yake sinkayenda. Mafuta anayamba kudontha. Anawasefa katatu pa nsalu, ndipo nsaluyo inali mpango wa Abiti Alli wopitira ku ukwati.

Loweruka loyesera ndinakwera nawo, osati chifukwa cha chikondi ayi, ndinkafuna ndikaone manyazi awo pafupi. Injini inalira ndithu, ndipo utsi wake unali fungo la zitumbuwa lokhalokha. Asodzi ankatikuwira ali m'mabwato mwawo: "Che Hamisi, chimodzi mukuchita bwanji?" Tisanafike n'pakati pomwe, injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Kunali kozizira, mwezi wa Juni, mafuta analimba ngati phala.

Che Hamisi anapukusa injini, anapukusanso, osatheka. Dzuwa linapendeka. Abiti Alli anangokhala kutsogolo, manja pamiyendo, maso ali ku Chisi.

"Wamva chisanu, mwanawe," anatero Che Hamisi akusisita injini. Anabwereka mbaula ya mayi wina wogulitsa nsomba zootcha, anakoleza moto m'boti momwemo, n'kutenthetsa mafutawo m'poto mpaka anapyapyala. Tonse tinapemphera, aliyense m'chipembedzo chake. Injini inadzuka.

Tinakocheza ku Chisi dzuwa litafiira. Atsibweni aja anali chiimire pagombe. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana mdzukulu wawo, ananunkhiza mpweya.

"Likadali Loweruka," anatero, n'kutembenuka.

Munthu wina akanathokoza Mulungu n'kulekera pomwepo. Che Hamisi ayi. Mphunzitsi wina anawauza kuti akatswiri amapyapyalitsa mafuta otere ndi mowa waukali pamodzi ndi soda. Mawa lake tinawaona, mzuli uli kumutu, ali pamzere wa kachasu kwa akazi a Fanuelo. Nkhani inafika kumzikiti iwo asanafike n'kunyumba komwe.

"Che Hamisi," anafunsa Shehe, "botolo lija linali la yani?"

"La injini, Shehe."

"Injini imamwa?"

"Iyoyo si Msilamu, Shehe. Inachokera ku Mangalande."

Soda analibe, ndiye anathiramo chidulo, madzi aphulusa aja amayi amaphikira therere. Anatakasa tsiku lonse. Kutacha, m'mphikamo munali chinthu cholimba, choterera, chochita thovu. Anali atapanga sopo. Popeza sopo nayenso ankasowa, mudzi wonse unachapira cholakwa cha Che Hamisi mwezi wathunthu, ndipo amayi amene ankawaseka aja anayamba kuwapatsa moni wogwada. Iwo anabwerera ku nzeru yawo yakale: kusefa, kutenthetsa, ndi kadontho ka palafini akapezeka.

Tsiku loopsa linali lomwe a Jafeti, tcheyamani wa chipani, anawaimitsa Che Hamisi padoko, anthu atadzaza.

"Tamva kuti mukuthira nsinjiro mu injini. Mukufuna kuuza anthu kuti m'dziko muno mulibe dizilo?"

Ana a lero simungamvetse, koma funso lotere linkatha kumusowetsa munthu. Tonse tinayang'ana pansi.

"Ine, atcheyamani? Dizilo alipo wosefukira! Kungoti injini yangayi yakalamba, mano anatha. Ikufuna zofewa."

A Jafeti anaganiza kwa nthawi, kenako anafunsa ngati m'botimo munali malo, poti anali ndi msonkhano ku Chisi ndipo boti la chipani linali litakhala pamtunda miyezi iwiri.

Dizilo atabweranso, Che Hamisi sanamukhulupirirenso. Analima mtedza munda wonse, anawonjezera mpendadzuwa, ndipo chigubu cha mafuta a Loweruka chinkakhala chodzaza kunsi kwa bedi. Malungo, mvula, mphepo ya mwera, palibe chinawaletsa. Anadwala masiku anayi okha, anatisiya Lachitatu. Mawu omaliza amene ndinawamva anali akuti, "Abiti, nanga Loweruka akuperekezani ndani?"

Atsibweni aja anabwera kumaliro, atakalamba mpaka kuchita kuwagwirira. Titabwerako kumanda anaitana mdzukulu wawo pakhonde, ine ndili pomwepo.

"Iwe, munthuyu sunamuuze kodi?"

Abiti Alli anaweramitsa mutu.

"Tsiku lija munafika dzuwa litafiira, boti likununkha zitumbuwa, ndinakuuza kuti mwamunayu ndamuona, pangano latha, azibwera akafuna. Zaka khumi zapitazo!"

"Sindinawauze, atsibweni."

"Chifukwa?"

"Akanasiya." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Ndiuzeni mkazi wina kuno amene mwamuna wake ankamusinjira mtedza sabata yonse kuti asamutaye."

Kenako mkuluyo anati masiku amaliro akatha, mdzukulu wawo alongedze abwerere kwawo ku Chisi, monga mwa mwambo. Abiti Alli anapukusa mutu.

"Anavutika kuti ndikhale kuno. Ndikhala konkuno."

Ndipo anakhaladi, mpaka tinawaika pafupi ndi amuna awo.

Masiku ano padoko pali maboti ambiri, othamanga, ndipo eni ake sindiwadziwa mayina. Munthu amafika, amakwera, amapita, palibe choti ukasimbe kunyumba. Ndimawasowa Che Hamisi, ndipo zimandipweteka kuti sindinawauzepo mawu abwino ngakhale amodzi ali moyo. Ndinawaseka zaka khumi zathunthu. Tsiku la maliro lija mkazi wanga anali pakhonde pomwepo, anamva zonse. Anangondiyang'ana, ndipo ine ndinasowa poika maso.