Tsiku Limene Ada Thole Ananena Zoona

Abodza pa Mzimba boma tili nawo ambiri, ena amavala mataye, koma wabodza amene tinkamukonzera malo ndi kutontholetsa ana kuti timve bwino anali mmodzi yekha: ada Zondwayo Thole, telala wa kuseri kwa depoti. Tinawaika m'manda mu Febuluwale, mvula ikutikwapula, ndipo ndikulemba izi chifukwa anthu ayamba kale kuwasandutsa mngelo. Sanali mngelo ayi. Anali munthu amene anakwiyira azungu olemba sewero la pa kanema, mpaka anawalanda ntchito eni ake osadziwa.

Ada Thole anakhala ku Joni zaka makumi awiri akuchapa ndi kusita m'nyumba ya mzungu. Anabwerako ndi makina osokera, kanema wotambalala ngati chitseko, ndi Chingerezi chotulukira m'mphuno. Mwana wawo amene anatsala kumeneko ankawatumizira sewero lina pa fulashi kudzera mwa matransipota. Ndiye Loweruka lililonse 2 koloko masana, makina pambali, kanema pakhonde, batire ya sola pansi pa benchi. Gawo limodzi basi pa sabata, ngakhale muwagwire miyendo.

Dzina lenileni la sewerolo palibe ankalitha. Ife tinkangoti Akadzidzi, chifukwa mafumu ake ankauluka pa akadzidzi aakulu ngati malole a matabwa a ku Chikangawa. Tsiku loyamba amayi a umanyano, a bungwe la kutchalitchi aja, anathawa, amvekere ufiti wa masanasana. Sabata yachitatu anali kutsogolo ndi timipando tawo.

Ada Thole ankaima pambali pa kanema, tepi m'khosi, ndodo yoyezera nsalu m'manja, n'kumamasulira. Anthu a m'sewerolo anawapatsa mayina athu. Mwana wa mfumu yophedwa, amene anathawira kudziko la chisanu, anali Gomezgani. Malume ake amene anapha mfumuyo n'kulanda mpando anali Sibweni.

"Malume kukhala pa mpando wa mlamu wake?" ankatero, akuloza kanema ndi ndodo. "Ng'ombe za malowolo zinapita, mwana ndi wa bambo! Mbwenu dikirani, Gomezgani akubwera."

Tinadikira. Zaka zisanu zoyamba sewero linali lokoma chomene. Chaka chachisanu ndi chimodzi, kaya olembawo anasinthidwa kaya anayamba kachasu, zinthu zinayamba kupendama, koma ife sitinadziwe chifukwa ada Thole ankaziwongola zisanafike m'makutu mwathu.

Munali mkazi wankhondo, NyaLupanga, amene anafa chaka chachinayi. Tinamulira ndithu, Aaron Shaba wogulitsa nyama anatseka butchala yake theka la tsiku. Ndiye tikungoona Loweruka lina NyaLupanga uyo, akudya apozi pawindo.

"Ada, si uja tinaika uyu?" anafunsa Aaron.

Ada Thole anayang'ana kanema, kenako ife.

"Mng'ono wake. Anali amapasa."

"Simunatiuzepo."

"Iwe amapasa onse a ku Euthini unauzidwa?"

Ulendo umene kale unamutengera Gomezgani zaka ziwiri wapansi, tsopano ankauyenda munthu asanamalize chimanga chootcha. Ada Thole anati anapeza matola. Gomezgani akamalira poyang'ana mwezi mphindi khumi zathunthu, iwo ankati akuwerenga magulu a nkhondo, n'kumatitchulira mayina a maguluwo limodzilimodzi, ife n'kumaomba m'manja. Chimene tinkangodabwa n'chakuti Loweruka m'mawa telala wathu sankayankhulika. Ankapalasa makina ngati akuthawa galu, akung'ung'udza kuti, "Zitsiru izi zikundiphera mwana." Suti ina ya ukwati inatuluka mwendo umodzi utafupika.

Chaka chachisanu ndi chinayi, kutatsala magawo awiri kuti sewero lithe, kunabwera a Sisita Cecilia Kamwendo, namwino wochokera ku Dedza. Anadzapinditsa yunifolomu, n'kukhala pabenchi pafupi ndi ine. Pamene ife tinkagwira pamtima, iwo ankaluma mpango kuti asaseke.

"A Sisita, chikusangalatsani n'chiyani?" ndinawanong'oneza.

"Mayi, zimene akunena bambowa ndi zimene akunena a m'kanemamo, ina ikupita ku Mzuzu ina ku Kasungu. Koma musauze munthu."

Ine sindinauze munthu. Ndinangotchulako kwa mlamu wanga, ndi kwa mayi wina kuchigayo amene ndinkaganiza kuti samva bwino. Lachiwiri nkhani inali pa Jenda.

Lachitatu Aaron anafika pakhonde la telala, epuloni ili magazi okhaokha, chikwanje chodulira mafupa chili m'manja. Mudziwe kuti Aaron anajambulitsa Gomezgani pakhoma la butchala yake, ndipo anachokapo dzino pomenyana ndi munthu amene anati Sibweni ndi wanzeru.

"Ada Thole, mwatipusitsa zaka zingati?"

"Monire, Aaron. Ine ndimamasulira."

"Ndinu mutesi, wabodza weniweni! Dzino langa linapita chifukwa cha nkhani yopeka inu?"

"Ndipo ya azunguyo anaipeka ndani, angelo?"

Aaron anakhoma chikwanje pa thebulo lodulira nsalu, masizasi anadumpha.

"Loweruka ndi gawo lomaliza. A Sisita akhala kutsogolo. Mukanama, akweza mkono. Mkono ukangokwera kamodzi, kanema uyu ndimuwaza ngati nthiti, ndipo pa boma pano simudzasokanso ngakhale thumba la fodya."

Ada Thole anachotsa singano pakamwa pang'onopang'ono.

"Mukufuna za azungu zenizeni?"

"Zenizeni."

"Liwu ndi liwu?"

"Liwu ndi liwu."

"Yewo," anatero, n'kupitiriza kusoka.

Loweruka limenelo anthu anadzaza mpaka mumsewu. Ena anabwera pa pikapu kuchokera ku Euthini. A Sisita Cecilia anachita kukatengedwa ndi mkazi wa Aaron, akukana njira yonse kuti iwo anaphunzira za jakisoni, osati za milandu. Anawakhazika pampando wapulasitiki kutsogolo penipeni, manja onse pamwendo, pamene aliyense akuwaona. Aaron anaima pambali pawo ndi chikwanje chake. Ada Thole anatuluka atavala jekete yakuda ya kutchalitchi, sanapatse moni munthu, anayatsa kanema.

Gomezgani uyo, ankhondo ake kumbuyo, akadzidzi kumwamba bii. Analowa m'nyumba yachifumu. Sibweni ali yekhayekha pampando. Gomezgani anasolola lupanga. Pakhonde ponse panalibe wopuma, ngakhale wogulitsa mafirizesi anasiya kuitanira. Gomezgani anatsegula pakamwa.

"Akuti," anatero ada Thole, ndi mawu ouma ngati akuwerenga zolengeza, "malume, ndaganiza bwino. Mwina bambo anga nawonso anali ndi zofooka zawo."

Mitu yonse inatembenukira kwa a Sisita. Mkono uli phee pamwendo.

"Akuti mpando ndi thabwa chabe. Ufumu weniweni uli mumtima."

Mkono phee.

"Akuti iye chimene ankafuna kuyambira ali mwana ndi kuweta njuchi."

"Njuchi?" anakuwa munthu kumbuyo. "Zaka naini, njuchi?"

Aaron anawerama.

"A Sisita, mkono."

"Akunena zoona, bambo Shaba."

"Mvetserani bwino. Mwina sipika ikukanda."

"Ndamva bwinobwino. Wati njuchi."

Gomezgani anagwada n'kupereka lupanga kwa Sibweni, awiriwo anakumbatirana. Kenako analowa NyaLupanga, ndipo ada Thole anatiyang'ana m'maso mmodzimmodzi.

"Uyu si wamapasa. Ndi yemwe uja tinamulira. Anangodzuka. Olemba sanafotokoze, ndiye nanenso sindifotokoza. Za amapasa zinali zanga. Matola anali anga. Magulu a nkhondo aja anali anga, iye ankangolira."

Mayi wina wa umanyano, wokalamba ndithu, anakwawa mpaka pampando wa a Sisita n'kuyamba kuwakankha chigongono kuti chikwere.

"Kwezani mkono, mwana wanga, pang'ono pokha. Palibe akudzudzuleni."

"Agogo, ndisiyeni. Nanenso zikundipweteka."

"Kwezani mkono, a Sisita!" khonde lonse linayamba kukuwa. Anthu omwe aja anabwera kudzagwira wabodza, tsopano akupempha bodza ngati madzi. A Sisita anakhalira manja awo onse awiri, misozi ili mbwembwembwe.

Ndiye kadzidzi wamkulu, amene zaka zonsezi sanayankhulepo, anatera pawindo n'kutsegula mlomo.

"Ada, musamasulire," anatero Aaron motsitsa. "Chonde."

"Liwu ndi liwu, Aaron. Akuti tiyeni tonse tikhululukirane."

Nyimbo inalira, mayina a olemba anayamba kukwera. Ada Thole anawaloza ndi ndodo.

"Awa ndi anthu anu a zoona. Awerengeni."

Aaron anayamba kuyenda kupita pa kanema, chikwanje chili m'manja. Amayi anakoka ana awo. Ada Thole sanachoke pamene anaima, pakati pa Aaron ndi kanema, kamunthu kochepa m'jekete yakutha m'zigongono. Anayang'anizana nthawi yoti munthu n'kupita kumsika n'kubwerako. Kenako Aaron anaika chikwanje pansi, n'kuvula chipewa.

"Ada, nkhani yanu inkatha bwanji?"

"Yanga iti? Ine ndine mutesi."

"Munali nayo?"

"Ndinali nayo. Zaka zitatu ndikuisoka. Yoyeza, yodula, yongotsala mabatani. Inu mwafuna ya kaunjika. Valani."

Anazimitsa kanema, anamunyamula ndi mkazi wawo NyaHara, chitseko gwa.

Kuyambira tsiku limenelo boma lonse linayamba kunyengerera telala. Aaron anafufuta Gomezgani pakhoma, kenako anamujambulitsanso, ndipo Loweruka lililonse ankapereka chiwindi kwa NyaHara. Chiwindi chinkadyedwa, nkhani osatuluka. Amayi a umanyano anapita kukawapempherera kuti mtima ufewe, iwo anati ameni mokweza kuposa onse, n'kufunsa ngati pali wofuna kupinditsa bulauzi. Ine ndinapititsa madiresi atatu opanda vuto lililonse.

"Ada, ine ndekha. Sindiuza munthu."

"Inu NyaZgambo? Kukuuzani inu ndi kukwera pa thanki ya madzi ndi chimkuzamawu, kusiyana kwake n'kwakuti pa thanki ena samva."

Zinatero zaka ziwiri. Koma ndinkaona ndikamadutsa Loweruka masana: makina ali chete, iwo ali pampando, milomo ikuyenda yokha. Munthuyo nkhani inkamuyabwa kuposa ife.

Mu Januwale shuga inawagwetsa, anawagoneka kuchipatala. Tsiku lina nthawi yoona odwala ya masana, Aaron analowa mu wodi, chimunthu chonse chija, n'kugwada pa simenti pafupi ndi bedi. Ine ndinali pomwepo, ndinakapereka phala kwa mlamu wanga, musandiyang'ane choncho.

"Ada, ndinakulakwirani. Simunali mutesi. Munkatiphimba."

Ada Thole anamulozera m'mphepete mwa bedi.

"Dzuka, ukutchinga mphepo. Khala apo."

Anadzikoka pa pilo, anakonza kukhosi. Wodi yonse inati zii, ngakhale bambo wa bedi lapakona amene ankabuula kuyambira m'mawa anasiya.

"Gomezgani atafika pachipata cha bambo ake, sanasolole lupanga yayi. Anauza ankhondo onse akhale pansi. Iye anawerama, n'kuvula nsapato."

"Nsapato? Chifukwa?"

"Ukandidula ndileka."

"Pepani, ada."

"Anazinyamula m'manja. Ndiye mlonda wa pachipata, nkhalamba imene inamunyamulapo ali khanda..."

Chifuwa chinawagwira. Anatsokomola mpaka maso kufiira, ndipo belu lotulutsa alendo linalira. Amene anali pa ntchito anali a Sisita Cecilia. Anabwera ndi madzi, anaima pamenepo akunamizira kukonza diripi imene inalibe vuto, anawonjezera mphindi zisanu, kenako zina zisanu. Koma mphamvu zinali zitatha.

"Mawa," ananong'ona ada Thole. "Ubwere ndi mpando, n'njaitali."

Aaron anabwera nawo mpandowo. Anapeza bedi atayala kale nsalu zina.

Pamaliro anthu anadikira mwaulemu mpaka tsiku lachitatu, kenako anayamba kuzungulira NyaHara. Iye anati sanauzidwe. Akuti ankamunena kuti amafunsa mafunso ambiri.

Pakhonde paja tsopano pali wotchaja mafoni. Masewero alipo ambirimbiri, aliyense ali ndi lake m'manja, akuonera yekha atawerama ngati akupemphera, ndipo likamupweteka palibe womuphimba. Loweruka 2 koloko mumaona anthu akuluakulu akuchepetsa liwiro podutsa kuseri kwa depoti, kenako n'kuima, kenako mkangano. Aaron amati anavula nsapato kuti Sibweni asamve mapazi. Amayi a umanyano amati unali ulemu, pakhomo pa bambo ake. A Sisita amati mwina zinkangomuthina, ulendo unali wautali, koma amanena akupukuta m'maso. Aliyense amayesa kupitiriza, ndipo aliyense akafika pa mlonda uja amakakamira, ena n'kumuuza kuti khala chete, sukutha.

Ndiye mpaka lero Gomezgani ali pachipata, nsapato m'manja, ndipo pa Mzimba palibe amene angamulowetse.