Kawalala wa Nyimbo za Kwaya ya ku Chawama

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma poti komboni yathu yonse ya Chawama ikuidziwa kale, ndipo aliyense amaikamba mothira mchere wakewake, bola ndidzivule ndekha. Sekani mmene mungathere, manyazi anandithera tsiku lomwelo.

Ine ndine Masauso, ndimaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Kunena zoona, besi yangayo ndi yongodzaza mzere. Chimene chinandipatsa ulemu m'kwayamo ndi laputopu. Ndinachita kosi ya makompyuta ya miyezi itatu m'tauni, kenako ndinaika Linux pa laputopu ya kwaya, ndipo anthu ataona ndikulemba tizilembo toyera pa sikirini yakuda bii, anayamba kundiitana kuti "ba Engineer". Sindinawaletse. Ndani amathamangitsa ulemu wobwera wokha?

Chaka chimenecho kunali mpikisano wa makwaya. Lamulo lake linali lakuti kwaya iliyonse ikapereke nyimbo zake zojambulidwa pa fulashi Loweruka nthawi isanakwane 12 koloko masana. Wochedwa saimba, basi. Ife tinali ndi nyimbo zisanu ndi imodzi, zonse zopeka a Zulu, kwayamasita wathu, mdala wopala matabwa amene amapeka nyimbo uku akukhoma mabenchi. Tinazijambula kwa miyezi iwiri ndi zipangizo zobwereka, ndipo mwini zipangizozo anali atasamukira nazo ku Chipata. Zojambulanso kachiwiri panalibe.

A Zulu anali ndi chilonda mumtima. Chaka chapitacho kwaya ina ya ku Kanyama inaimba nyimbo yofanana ndi yawo ngati mapasa, ndipo mdalayo sanaiwale.

"Ba Engineer, izi nyimbo ni bana banga," anatero. "Zikachoka mu computer umu, ine nizafa na BP."

"Osadandaula, ba Zulu," ndinayankha ndikudziguguda pachifuwa. "Nizazikhoma mwakuti na Satana azabwelela pa gate!"

Lachinayi masana ndinakhala pakhonde ndi laputopu, ndikutsatira malangizo amene ndinawapeza pa intaneti. Ndinatsekera nyimbo zonse mu failo imodzi. Kiyi yake sinali pasiwedi ya dzina la chibwenzi ayi, inali mndandanda wautali wa zilembo zosokonekera, zopangidwa ndi kompyuta yomweyo, zoti munthu sangaloweze. Kiyiyo sindinailembe papepala. Ndinaisungitsa mu kernel, kumene ndi mkatikati mwa Linux, komwe zonse za m'kompyuta zimalamulidwira.

Tsono kernel ikasunga kiyi imafuna kudziwa kuti ndani aloledwe kuchita nayo chiyani. Pali amene waigwira kiyiyo, pali mwini wake, pali gulu lake, ndiye pali ena onse. Aliyense wa amenewa ukhoza kumulola kuiona, kuiwerenga, ngakhale kusintha zilolezozo, kapena kumumana zonse. Malangizo aja ankachenjeza zinazake pamenepa, koma ndime yake inali yaitali ndipo ine ndinali ndi changu. Wogwira kiyi ndinamupatsa zonse, poti ndinkati wogwirayo ndine. Ena onsewo ndinawalembera ziro, ziro, ziro, ndikumwetulira ngati munthu amene wamanga mpanda wokhala ndi mabotolo osweka pamwamba.

Kenako, kuti ntchito ikhale yaukatswiri, ndinafufuta nyimbo zosakhoma zija. Kopi? Ndinati kopi ndi ya anthu amantha. Ndinangopinda laputopu osaizimitsa, n'kupita kukagula chinangwa chootcha.

Loweruka m'mawa tinakumana m'kalasi ya kuseri kwa tchalitchi. Magetsi anali atathima kuyambira m'bandakucha, monga mwa masiku onse, koma batire inali ndi kamoyo pang'ono. Anthu makumi atatu anandizungulira, a Zulu atagwira fulashi m'manja ngati mkate wa mgonero. Ndinaphwanya zala, ndinatsegula windo yatsopano yolembamo malamulo, n'kuitanitsa kiyi yanga.

Permission denied.

Kompyuta inali itandimana chilolezo. Ndinaseka pang'ono. "Ni network," ndinatero, ngakhale kuti zimenezi sizifuna network n'komwe. Ndinalembanso, pang'onopang'ono, chala chimodzi.

Permission denied.

"Yakamba chani?" anafunsa a Zulu.

"Ikamba ati good morning. Lekani niloŵe monga root."

Root ndiye bwana wamkulu wa kompyuta, landilodi weniweni, amene ndinaphunzitsidwa kuti palibe chitseko chimamukanira. Ndinalowa monga root. Ndinalamula kuti kiyi iwerengedwe, inakana. Ndinalamula kuti zilolezo zisinthidwe, inakananso. 

Apa munthu wanzeru akanati, "Abale, mwina ndalakwitsa penapake." Koma ine ndinali ba Engineer, pamaso pa masoprano onse. Ndinaimirira mwamphamvu mpaka mpando kugwa.

"Tabeledwa! Muli hacker muno!"

Kalasi yonse inati wuuu! A Zulu anakhala pansi pa simenti, fulashi ili m'manja.

"Hacker? Wachokela kuti?"

"Uyu ni wa mukati," ndinatero, ndipo pamene ndinkayankhula ndinayamba kuzikhulupirira ndekha. "Wachinja ma permission. Na ine mwine wake wanikhomela panja. Nindani anagwila iyi laptop dzulo pa practice?"

Anthu anayang'anizana. Kenako wina anati anaona Mwansa akuisuntha patebulo. Mwansa ndi mayi wa ku Kitwe amene amaimba alito, wofatsa, wosakonda zokambakamba, ndipo m'mawa umenewo anali asanafike. Wina anakumbuka kuti msuweni wake amaimba ku Kanyama. Ine ndinawonjezera nkhuni pamoto: ndinati sabata yomweyo anandifunsa ngati ndasunga kopi ya nyimbo kwinakwake.

"Muntu wabwino afunsila chani za copy?" ndinafuula. "Anali kufuna kudziŵa pobisila!"

Mmene mphindi zisanu zinkatha, Mwansa anali atagulitsa nyimbo, atalandira kale malo a soloisti ku Kanyama, ndipo ena anali atayamba kukumbukira kuti ngakhale kuseka kwake sikunkawasangalatsa kuyambira kale.

Pamenepo anaimirira Amake Dalitso, tcheyaledi wathu, mayi wa ku Katete amene akapemphera ngakhale agalu a panja amakhala chete. Anamanga chitenje mwamphamvu n'kutiuza kuti tigwade. Iwo popemphera sagwiritsa Chinyanja cha m'tauni, amapita ku Chichewa cha kumudzi chenicheni.

"Ambuye, Inu mumaona za mumdima. Munthu amene wakhoma nyimbo zanu, mumudziwa ndi dzina. Tulo asatione! Chakudya chimuwawe mkamwa! Zala zimene zagwira kompyuta iyi ndi mtima woipa ziume ngati nkhuni za m'chilimwe!"

"Ameni!" ndinakuwa ine, ndi besi imene sindinaitulutsepo pa nyimbo iliyonse. Ndipo poona kuti sizinakwane, ndinawonjezera: "Zonse ten, Ambuye! Musasiyeko na chimozi!"

"Zonse khumi, Ambuye, monga wanenera mtumiki wanu," anavomereza Amake Dalitso.

Titatsegula maso, Mwansa anali ataima pakhomo, yunifolomu ya kwaya ili pamkono.

"Sorry nachedwa, ma bus yavuta. Nanga kuli maliro?"

 Maso onse anabwera kwa ine, poti ndine ndinayambitsa mlandu. Ndinamuuza kuti tikudziwa zimene anachita dzulo ndi laputopu.

Mwansa anandiyang'ana. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri.

"Ine, ba Masauso? Five years niimba na imwe. Ninaisendeza chabe kuti nipukute fumbi pa table."

Misozi inalengeza m'maso mwake. Mumtima mwanga munadutsa kachisoni, koma kunyada kunakakankhira kumbali. Nthawi inali itadutsa 11 koloko, batire itatsala 9 peresenti. Ndinaganiza zochita chimene katswiri aliyense wa miyezi itatu amachita zinthu zikavuta.

"Lekani niizimye, niiyashe futi. Izaiŵala vonse."

Chala changa chili m'njira kupita pa batani, ndinangomva phaa! padzanja. Mwansa wofatsa uja anali atandimenya ngati mwana wofuna kugwira mbaula.

"Osagwila! Key munaiika kuti?"

"Mu kernel," ndinayankha monyadira, poganiza kuti mawuwo amuthawitsa.

"Mayo! Mu kernel, na mufuna kuzimya? Chokani apo!"

Ndinachoka. Anakhala pampando wanga, ndipo zala zake zinayamba kuthamanga pa kiyibodi mwa mtundu umene ine ndinkangouona m'mafilimu. Wa tenala wina anandinong'oneza kuti Mwansa ntchito yake m'tauni ndi yoyang'anira makompyuta aakulu a kampani ina, chaka chachisanu ndi chitatu tsopano. Ine zaka zonsezi ndinkati ndi wolandira alendo pa desiki. Ndinali nditamuphunzitsapo ngakhale kachotsedwe kabwino ka fulashi, iye n'kumangoti, "Zikomo, ba Engineer."

Sanavutike n'kulimbana ndi kiyi. Anangofufuza mawindo amene anali otsegula, ndipo kuseri kwa zonse anapeza windo ija ndinkagwiritsa ntchito Lachinayi, ili chitsegukire, itaiwalika. Anaikulitsa mpaka kudzaza sikirini, n'kutembenuzira laputopu kwa anthu.

"Ba Zulu, bwelani muone hacker wanu."

Zonse zinali pamenepo, mzere ndi mzere. Kupanga kiyi. Kuika maziro aja pa zilolezo. Kufufuta nyimbo. Ndipo kumayambiriro kwa mzere uliwonse kunali dzina limene ndinadzipatsa ndekha pa kompyutayo: engineer_masauso.

A Zulu anavala magalasi n'kuwerenga dzinalo mokweza, chilembo ndi chilembo, ngati akuwerenga vesi.

Ndinayesa kudziteteza. "Koma ninapasa ma permission yonse kuli wogwila key. Wogwila key ni ine!"

"Kernel siidziŵa nkhope yanu, ba Masauso," anatero Mwansa. "Munasegula session yake-yake, monga kachipinda kapadela, mu window iyi, ndiye wogwila key ni iyi window. Imwe mwine wake munazilembela zero. Mukabwela na window ina, ndimwe mulendo. Root nayeve mulendo, ngati simunamusiyile mpata wochinja ma permission."

"Manje sembe anazimya?" anafunsa a Zulu ndi mawu aang'ono.

"Key ya so ikhala chabe pamene machine iyaka. Mukazimya, olo battery yasila, olo mwavala iyi window, key yaenda. Nyimbo zaenda." Anandiyang'ana. "Na ine sembe nakhala kawalala mpaka kufa, palibe wonikhulupilila."

Kunena zoona, mawu amenewo anandilasa kuposa kuseka konse kumene kunabwera pambuyo pake.

Analemba mizere iwiri mu windo yakaleyo. Kiyi inatuluka mwaulemu, failo inatseguka, nyimbo zonse zisanu ndi imodzi zinayamba kulowa mu fulashi. Batire inali pa 4 peresenti. Anthu makumi atatu tinaima n'kumayang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa ngati nkhono. Masoprano anagwirana manja. Kamzereko katafika kumapeto, Mwansa anasolola fulashi, ndipo pasanathe mphindi sikirini inathima yokha.

A Zulu sanatsanzike. Mdala wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi analumpha ngalande ya pakhomo pa tchalitchi ngati mwana wa sukulu, kuthamangira minibasi. Tinamva pambuyo pake kuti anafika anthu olandira nyimbo akulongedza kale mapepala, koma anawalandira.

Ife otsala tinakhala m'kalasi muja. Ndinagwada pamaso pa Mwansa, pa simenti yomwe ija ndinagwadapo pomutemberera, n'kupepesa ndi mtima wonse. Ena onse amene anakumbuka za kuseka kwake anayamba kuyang'ana kudenga. Mwansa anandisiya chigwadire kanthawi ndithu, kenako anati wandikhululukira, bola laputopu izigona kwawo.

Ndinavomera msanga. Koma panali kanthu kena kamene kankandidya. Zala zanga zinali zitayamba kuchita dzanzi, kaya ndi mantha kaya ndi kugwada. Ndinakwawira kwa Amake Dalitso.

"Amama, pemphero ija... simungaibwezeko pang'ono? Olo chabe ija mbali ya zala?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwanawe, pemphero si meseji ya pafoni yoti n'kufufuta. Linapita kale. Ine ndinangoti zala, osatchula nambala. Amene anati zonse khumi ndi iwe."

Ndinatembenukira kwa Mwansa, ngati kuti iye angapezenso windo ina yoiwalika. Anali akupinda chingwe cha laputopu, osandiyang'ana n'komwe.

"Apo, ba Engineer, na root sangakuthandizeni."

Kalasi yonse inagwa ndi phwete, mpaka wa tenala uja anatuluka panja kukatsamira khoma. Mpaka lero ndikadzuka m'mawa, ndisanasukusule n'komwe, ndimayamba ndapinda zala chimodzichimodzi kuona ngati yankho la pemphero lija lafika.

Abale, musanakuwe Ameni pa pemphero lotemberera wakuba, yambani mwatsimikiza kuti wakubayo si inu.